Kuchotsa timichira ta kopa timene DRC yapeza pa bolodi mu KiCad

Munthu amene wamaliza kuyala tinjira tonse ta kopa pa bolodi yake ya zamagetsi amakhala ndi mtima woti ntchito yatha, koma akangoyendetsa DRC, imene ndi mbali ya pulogalamu yofufuza ngati bolodi yatsatira malamulo a kapangidwe, kawirikawiri amakumana ndi mndandanda wautali wa machenjezo onena chinthu chimodzimodzi: "Track has unconnected end". Tanthauzo lake ndi lakuti pali kanjira ka kopa kamene mbali imodzi kagwira penapake koma mbali inayo kangothera m'malere, osakhudza pad (kamalo ka kopa pamene mwendo wa chipangizo umamatidwa), via (kabowo kokutidwa ndi kopa kolumikiza mbali imodzi ya bolodi ndi inzake), zone (dera lalikulu lodzazidwa ndi kopa) kapena kanjira kena. Ine timeneti ndimatitcha timichira, chifukwa timalendewera kumapeto kwa njira yeniyeni popanda ntchito. Malangizowa ndawalemba motsatira KiCad, pulogalamu yaulere imene Jean-Pierre Charras anaiyamba ku Grenoble m'dziko la France mu 1992, ndipo mayina a mabatani ndi amene amapezeka kuyambira pa KiCad 7 ya mu 2023 kupita mtsogolo. Amene amagwiritsa ntchito EAGLE vuto lomweli amaliona ndi dzina lakuti "Wire Stub", pamene Altium Designer imaligwira ndi lamulo lotchedwa "Net Antennae", ndipo kaganizidwe kake n'kamodzi ngakhale mabatani ali osiyana.

Musanafufute chilichonse, n'kofunika kudziwa kumene timichirati timachokera, chifukwa gwero lake ndi limene limakuuzani chochita nato. Tambiri timabadwa pamene mwasuntha chipangizo ndi batani la M, limene limanyamula chipangizo chokha n'kusiya tinjira take pamalo akale, mosiyana ndi batani la D limene limakoka chipangizo pamodzi ndi tinjira. Tina timatsala pamene mwafufuta njira mwa kudina chidutswa chimodzichimodzi n'kuiwala kachidutswa kakang'ono ka pakona, kapena pamene mwasintha footprint, chithunzi cha ma pad a chipangizo pa bolodi, n'kuika ina ya ma pad aang'ono, moti kanjira kamene kanali kugwira pad yakale tsopano kaperewera pang'ono. Palinso timene timabwera chifukwa chosintha grid, timadontho totsogolera poyala tinjira, pakati pa ntchito. Zipangizo zambiri zakale zili ndi miyendo yotalikirana mamilimita 2.54, umene ndi muyezo wochokera ku mainchi, ndiye mukayala theka la njira pa grid ya ma mil n'kumalizitsa pa grid ya mamilimita 0.1, polumikizirapo pamatsala kachidutswa kosaoneka ndi maso. Mil imodzi ndi mamilimita 0.0254 okha, ndipo KiCad imasunga miyezo mpaka pa nanomita imodzi, choncho imaona kusiyana kumene inu simungakuone. Mabolodi amene mwawatenga kuchokera ku pulogalamu ina, kapena amene mwawapititsa ku Freerouting kuti iyale njira yokha, nawonso amabwerera ndi zinyenyeswa zotere zambirimbiri.

Ena amafunsa ngati n'koyeneradi kutaya nthawi pa zimenezi, popeza KiCad yokha imaziika m'gulu la machenjezo osati la zolakwika zazikulu. Pa bolodi yongoyatsa ma LED kapena yoyendetsa relay, kamchira ka theka la milimita sikasintha kalikonse pa kayendedwe ka magetsi, ndipo fakitale ipanga bolodiyo popanda kudandaula. Zinthu zimasintha chizindikiro chikakhala chothamanga. M'kati mwa FR-4, chinthu chimene mabolodi ambiri amapangira, chizindikiro chimayenda pafupifupi masentimita 15 pa nanosekondi imodzi, ndipo chikafika pamphambano pamene pali kamchira, gawo lina limakhotera mu kamchirako, kukagunda kumapeto kotseguka n'kubwerera kudzasokoneza chizindikiro chenicheni. Pa 2.4 GHz, pamene Wi-Fi ndi Bluetooth za chip ya ESP32 zimagwirira ntchito, kamchira kotalika pafupifupi sentimita imodzi ndi theka n'kokwanira kupha chizindikiro chonse panjira yopita ku antenna. Pa mawaya awiri a USB 2.0 othamanga pa 480 Mbit/s, kamchira kokhala mbali imodzi yokha kamasokoneza kufanana kumene mawaya awiriwo amadalira. Koma chifukwa chachikulu kwa ine ndi china. Mndandanda wa DRC ukadzaza ndi machenjezo makumi atatu opanda pake, maso amatopa ndipo munthu amasiya kuwerenga, ndiye chenjezo limodzi lonena za njira imene sinamalizidwe limabisala pakati pa anzake. Bolodi imene mwaiitanitsa ku fakitale ya ku Shenzhen, mwailipira ndi ndalama zakunja ndiponso mwaidikira milungu ingapo, ikafika ili ndi njira yoduka mumayamba kuilumikiza ndi kawaya pamwamba, ndipo pa chip ya miyendo yothinana ntchito imeneyo ndi yowawa kwambiri.

Choyamba, sungani ntchito yanu pambali. Dinani Ctrl+S, kenako koperani fayilo ya .kicad_pcb n'kuipatsa dzina lina, kapena ngati mumagwiritsa ntchito Git chitani commit musanakhudze kanthu. KiCad imasunga yokha mafayilo a zip mu foda ya dzina lothera ndi "-backups", koma musadalire zokhazo, chifukwa mukufuna kope limene mukudziwa motsimikiza kuti ndi la bolodi isanayeretsedwe. Nthawi yomweyo yang'anani pansi pa zenera la PCB Editor (mbali ya KiCad yoyalira bolodi), pamene pamalembedwa chiwerengero cha ma pad, ma via, zidutswa za tinjira ndi mawu akuti "Unrouted" (malumikizidwe amene sanayalidwebe), ndipo mulembe papepala chiwerengero cha ma via ndi cha Unrouted. Manambala awiri amenewa ndi mboni zanu, ndipo muwafunanso kumapeto.

Chachiwiri, dzazani ma zone onse podina batani la B. Sitepe imeneyi imaoneka yaing'ono koma ndi imene imapulumutsa anthu ambiri. Kanjira ka GND (ground, kumene magetsi amabwererako) kamene kathera m'kati mwa zone ya GND n'kolumikizidwa bwinobwino, koma ngati zone ili yosadzaza kapena inadzazidwa kale musanasinthe zinthu, pulogalamu imakaona ngati kamchira. Chimodzimodzinso ma via amene mwawamwaza pa bolodi kuti asoke kopa ya GND ya pamwamba ndi ya pansi: ma zone akakhala opanda kanthu, ma via onsewo amaoneka ngati sakugwira chilichonse. Ine ndinaphunzira zimenezi pa bolodi ya kachipangizo koyeza kutentha imene ndinkapangira ntchito ina. Ndinali nditachotsa kopa ya ma zone ndi Ctrl+B kuti ndione bwino tinjira, ndipo ndinayeretsa bolodi ndisanaibwezeretse. Ma via osokera GND anapita onse nthawi imodzi, DRC sinadandaule chifukwa GND inali ikugwiranabe kudzera m'miyendo ya ma connector, ndipo ndinazindikira madzulo pamene ndinaona kuti bolodi ikuoneka yosalala modabwitsa mozungulira chip.

Tsopano tsegulani Inspect, kenako Design Rules Checker. Chongani kabokosi ka "Refill all zones before performing DRC" ndi ka "Test for parity between PCB and schematic", kenako dinani Run DRC. Zotsatira zimagawidwa m'masamba, ndipo musathamangire tsamba la Violations. Yambani ndi la Unconnected Items, chifukwa chilichonse chimene chili m'menemo ndi njira imene schematic, chojambula cha kalumikizidwe ka zipangizo, ikufuna koma bolodi ilibe. Lembani mayina a ma net onse amene atchulidwa pamenepo (net ndi gulu la ma pad oyenera kulumikizana). Mukabwerera ku Violations n'kupeza kamchira pa net imene ilinso pa mndandanda wanu, dziwani kuti kameneko mwina si chinyalala ayi koma ndi njira imene munaisiya panjira foni italira kapena magetsi atazima. Ngati chenjezo la timichira silikuoneka n'komwe pamene mukudziwa kuti tilipo, onani ngati kabokosi ka Warnings pansi pa zenera n'kochongedwa, ndiponso pitani ku Board Setup, pansi pa Design Rules, pa Violation Severity, mukatsimikize kuti wina sanaike chenjezoli pa Ignore. Pamalo omwewo mupezanso mnzake wa chenjezoli, lonena kuti "Via is not connected or connected on only one layer", ndipo awiriwa ndi bwino kuwayendera limodzi.

Pansi pa chenjezo lililonse pamalembedwa net ya kanjirako, layer imene kali, monga F.Cu (kopa ya pamwamba) kapena B.Cu (kopa ya pansi), ndi kutalika kwake. Werengani kutalikako musanayang'ane pa bolodi, chifukwa kumanena zambiri. Kachidutswa ka mamilimita 0.01 kapena kocheperapo pafupifupi nthawi zonse ndi nyenyeswa ya grid kapena ya kukoka njira, pamene ka mamilimita asanu kapena khumi kanayalidwa ndi dzanja la munthu, ndipo munthuyo anali ndi cholinga chimene muyenera kuchikumbukira. Mukadina mzere wa chenjezo, PCB Editor imalumphira pamalopo n'kuonetsa kamuvi kolozera pamene pali vuto.

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwira, chifukwa kamuvi kamaloza pamalo pamene maso akuona njira yabwinobwino kapena pad yosalala. Kamchira kamakhala katabisala pansi pa kopa ina ya mtundu womwewo. Kuti mukaone, dinani batani la K, limene limasintha kaonekedwe ka tinjira kuti tioneke m'mphepete mokha m'malo mooneka todzaza. Chidutswa chilichonse chimaoneka tsopano ngati kasoseji kokhala ndi mitu iwiri yozungulira, ndipo chidutswa chachifupi kwambiri chimaoneka ngati kabwalo kamodzi kokhala pamwamba pa njira, ngati diso la nsomba. Chitani chimodzimodzi ndi ma pad ndi ma via pogwiritsa ntchito mabatani a kumanzere kwa zenera, ndipo ma zone muwaonetse malire okha, osati kuwakhuthula, chifukwa kubisa kopa m'maso n'kosiyana ndi kuichotsa pa bolodi. Kenako dinani H kuti ma layer ena azilale n'kutsala imene mukugwirapo ntchito, ndipo Page Up imakupititsani ku F.Cu pamene Page Down imakupititsani ku B.Cu. Yandikitsani chithunzi ndi gudumu la mausi mpaka kanjira ka mamilimita 0.25 kakule ngati chala chanu pa sikirini. Pamenepo kabwalo kamene kanali kubisala kamaonekera poyera, nthawi zina katatuluka pang'ono pakona ya njira ngati kachiphuphu.

Kukaona n'kwina, kukagwira n'kwinanso. Mukadina pamalo pamene pali zinthu zambiri zounjikana, pulogalamu imasankha footprint kapena pad m'malo mwa kachidutswa mukufunako. Pitani pa Selection Filter, kumunsi kudzanja lamanja, muchotse zochonga zonse n'kusiya Tracks yokha. Mukatero, dinani pamalopo osachotsa chala kwa kanthawi, ndipo patuluka kamndandanda ka zidutswa zonse zimene zili pansi pa mausi pamodzi ndi kutalika kwake, moti mungosankha chachifupicho. Njira ina imene ine ndimaikonda ndi yokoka kabokosi kuchokera kumanzere kupita kumanja mozungulira kabwaloko. Kabokosi kokokedwa motero kamagwira zokhazo zimene zalowa zathunthu m'kati mwake, ndiye njira zazitali zodutsa pamenepo zimatsala ndipo kamchira kokha ndi kamene kamasankhidwa. Mukakoka kuchokera kumanja kupita kumanzere kamagwira chilichonse chimene kakhudza, choncho samalani mbali imene mwayambira.

Mutakagwira, musadine Delete msanga. Dinani batani la ` limene lili pansi pa Esc pa makiyibodi ambiri, mausi ili pa kanjirako, kuti net yonse iwale, ndipo muyang'ane bolodi yonse mukudzifunsa kuti kanjira aka kankapita kuti. Mayankho ake amakhala atatu. Mwina ndi chinyalala chenicheni, pamene ma pad onse a net imeneyo ndi olumikizidwa kale ndipo kamchirako kangotsalira pa njira yakale. Kotero kafufuteni ndi Delete, ndipo ngati kali ndi zidutswa zingapo zotsatizana, dinani U kamodzi kuti kusankha kufalikire mpaka pamphambano kapena pa pad yoyandikira, muone bwino zimene zawala, kenako mufufute zonse pamodzi. Mukadinanso U kusankha kumapitirira mphambano n'kulowa m'njira zabwino, ndiye penyetsetsani musanafufute. Mwina ndi njira yosamaliza, imene mumaizindikira ndi kamzere kopyapyala ka ratsnest (kosonyeza malo oyenera kulumikizidwa amene sanalumikizidwebe) kochokera kumapeto kwake kupita ku pad ina. Imeneyi mankhwala ake si kufufuta ayi, koma kuika mausi kumapeto kwake, kudina X n'kuimalizitsa mpaka pakati pa pad. Pali mtundu wina wa njira yosamaliza umene umanyenga kwambiri, pamene kanjira ka pa F.Cu kathera ndendende pamwamba pa kanjira ka pa B.Cu ka net yomweyo, ndipo poyang'ana zimaoneka ngati zagwirana pamene via palibe. Mwina munaifufuta mwangozi, ndipo chofunika ndi kuibwezeretsa.

Yankho lachitatu ndi lakuti kanjirako kali pamenepo mwadala. Antenna yojambulidwa ndi kopa pa bolodi yeniyeniyo, monga inverted-F imene imapezeka pa zipangizo zambiri za 2.4 GHz, kapangidwe kake ndi njira yothera m'malere, ndipo kutalika kwa mbali yotsegukayo ndi kumene kumasankha frequency. Pa mabolodi a wailesi pamakhalanso timichira toikidwa mwadala kuti tilinganize impedance (mmene njira imakanizira chizindikiro chothamanga), ndipo ena amasiya kanjira kafupi koti adzakhudzepo ndi mita poyesa. Ngati bolodi munaitenga kwa munthu wina, musafufute chilichonse chimene chili pafupi ndi chip ya wailesi musanawerenge datasheet yake kapena kufunsa mwini wake. Kanjira koikidwa mwadala kasankheni n'kudina L kuti kakhomedwe, chifukwa chida choyeretsera chimene tikufikacho chimalumpha zinthu zokhomedwa. Kenako bwererani pa zenera la DRC, dinani mzere wa chenjezo ndi batani lamanja la mausi n'kusankha Exclude kuti chenjezo limenelo lokha lisiye kuwerengedwa. Ndikulangizani kuti musaike gulu lonse la chenjezoli pa Ignore chifukwa cha antenna imodzi, popeza mukatero mwatseka maso anu pa timichira tonse timene mudzapange mtsogolo. Njira yabwino koposa ndi yosandutsa antenna kapena malo oyeserapo kukhala footprint yokhala ndi chizindikiro chake mu schematic, moti aliyense wodzatsegula bolodiyo adzadziwa kuti ndi chipangizo osati chotsalira. Dziwaninso kuti batani la Delete Marker limangochotsa kamuvi pa sikirini, kopa imatsala pomwepo, ndipo chenjezo limabwerera mukayendetsanso DRC.

Mukakhala kuti mwamaliza njira zonse zosamaliza ndiponso mwakhoma zonse zadala, zotsala ndi zinyalala zokhazokha, ndipo apa m'pamene mungapatse makina ntchito. Tsegulani Tools, kenako Cleanup Tracks & Vias. Zenera limeneli lili ndi timabokosi tingapo, ndipo ine sinditichonga tonse nthawi imodzi. Yambani ndi "Delete tracks unconnected at one end" kokha, muonetsetse kuti kabokosi kodzazanso ma zone n'kochongedwa, kenako dinani Build Changes. Pulogalamu ikuonetsani mndandanda wa zimene ikufuna kuchotsa isanachotse kanthu, ndipo mzere uliwonse mukaudina umakupititsani pamalo pake. Werengani mndandandawo wonse. Chida chimenechi chimagwira ntchito mobwereza: chikachotsa chidutswa cha kumapeto, chidutswa chotsatira chimasanduka cha kumapeto, nachonso chimachotsedwa, mpaka kukafika pa pad kapena pamphambano. N'chifukwa chake njira ya masentimita asanu imene munaiyala mosamala pakati pa miyendo ya ma chip, koma inaperewera pang'ono kufika pa pad yomaliza, imatha kusowa yonse ndi kudina kumodzi. Mukaona m'ndandanda zidutswa zambiri zazitali za net imodzi, imani, tsekani zenera, mukaone net imeneyo ndi maso. Zonse zikakhala bwino, dinani Update PCB.

Ulendo wachiwiri chongani "Delete tracks fully inside pads" ndi "Merge co-linear tracks". Koyambako kamachotsa tizidutswa tobisala m'kati mwa ma pad, timene sitisintha kopa ya pa bolodi koma timavutitsa mukafuna kusuntha chipangizo, ndipo kachiwiriko kamaphatikiza zidutswa zoyenda mumzere umodzi kuti zikhale chidutswa chimodzi, zomwe zimachepetsa malo amene timichira tatsopano tingabadwire. Timabokosi ta ma via tisiyeni komaliza. "Delete redundant vias" kamachotsa via yokhala pamwamba pa inzake, ndipo vuto lake n'lochepa, koma "Delete vias connected on only one layer" ndi kamene kanandidyera ma via anga a GND. Ngakhale ma zone ali odzaza, via yosokera ikhoza kugwira mbali imodzi yokha chifukwa njira ina yadutsa pafupi n'kukankha kopa ya mbali inayo, ndipo nthawi zambiri chofunika ndi kuisuntha pang'ono osati kuitaya. Kabokosi ka "Delete tracks connecting different nets" kamanena za short circuit, ndipo vuto lotero liyenera kuthetsedwa ndi munthu amene akumvetsa chifukwa chake ma net awiri agundana, makamaka ngati mwangodina F8 posachedwa n'kubweretsa mayina atsopano a ma net kuchokera ku schematic.

Nthawi zina pamatsala kachidutswa kamodzi kouma mutu, kamene DRC ikukaona koma mausi ikulephera kukagwira. Musanaganize zovuta, onani ngati kali pa layer yamkati imene mwaibisa mu Appearance, kapena ngati kali kokhomedwa pamene kabokosi ka Locked items mu Selection Filter sikochongedwa, kapenanso ngati kali m'kati mwa group. Zonsezi zikalephera, pali njira yomaliza. Pa zenera la DRC dinani Save kuti musunge lipoti, ndipo m'lipotimo chenjezo lililonse limakhala ndi manambala a X ndi Y, amene amakhala m'mamilimita ngati miyezo ya pulogalamu mwaiika pa mm. Tsekani KiCad, tsegulani fayilo ya .kicad_pcb ndi pulogalamu yolembera mawu wamba, popeza fayiloyi ndi mawu owerengeka, ndipo fufuzani manambalawo. Chidutswa chilichonse cha kanjira chimayamba ndi mawu akuti "segment", kenako "start" ndi "end" ndi manambala ake, "width", "layer" ndi net yake. Mukapeza chimene start ndi end zake zili zofanana kapena zosiyana pa manambala omalizira okha, chimenecho ndicho mukufuna. Fufutani chigawo chonse kuyambira pa bulaketi yotsegula ya segment mpaka pa yotseka yake, osasiya ngakhale imodzi, chifukwa bulaketi imodzi yosowa kapena yotsalira imachititsa kuti fayilo yonse ikane kutseguka. Apa ndi pamene kope limene munasunga poyamba lija limakupatsani mtendere wa mumtima.

Pali zotsalira zina zimene zimafanana ndi timichira koma si tinjira, ndipo chida choyeretsera tinjira sichizikhudza. Chenjezo la "Isolated copper fill" limanena za kachilumba ka kopa ya zone kamene kadulidwa ndi njira mbali zonse, ndipo mumakathetsa potsegula Properties ya zoneyo ndi batani la E n'kusankha kuti zilumba zizichotsedwa pa "Remove islands", kapena poikapo via ngati mukufuna kuti kachilumbako kagwire GND ya mbali ina. "Copper sliver" ndi kakopa kosongoka kopyapyala kwambiri kamene kangathe kusupuka pamene bolodi ikupangidwa n'kukagwera pakati pa njira ziwiri. Mizere yojambula yobwerezedwa pamalo amodzi mwangozi ili ndi chida chakechake, Cleanup Graphics, chimene chili pa Tools pomwepo.

Tsopano dinani B kachiwiri, yendetsaninso DRC, ndipo tulutsani pepala lija. Chiwerengero cha Unrouted chiyenera kukhala 0, ndipo ngati chakwera kuposa mmene chinalili, mwafufuta chinthu chofunika, ndiye bwererani ndi Ctrl+Z mpaka chitsike kapena yerekezani ndi kope lakale. Chiwerengero cha ma via chikatsika, muyenera kutha kufotokoza via iliyonse imene yachoka. Tsamba la Unconnected Items likhale lopanda kanthu, ndipo pa Violations patsale zokhazo zimene mwazichotsera dala ndi Exclude. Musadabwe ngati DRC yachiwiri yatulutsa chenjezo latsopano, chifukwa kuchotsa via kumatha kusiya kanjira ka mbali ina kakulendewera, ndipo kuchotsa kanjira kumatha kusiya via yogwira mbali imodzi. Bwerezani mpaka kuyendetsa kuwiri kotsatizana kupereke zotsatira zofanana. Amene amasunga mabolodi awo mu Git akhoza kugwiritsa ntchito lamulo la kicad-cli pcb drc, limene linabwera ndi KiCad 8 mu 2024, kuti kufufuzaku kuzichitika kokha nthawi iliyonse asintha fayilo.

Musanatumize kanthu ku fakitale, tulutsani mafayilo a Gerber (amene fakitale imatsatira popanga bolodi) ndi a mabowo atsopano, osati amene munatulutsa dzulo, n'kuwatsegula mu Gerber Viewer. Onetsani layer imodzi ya kopa payokha, muyende nayo pang'onopang'ono kuyambira pakona ina mpaka inzake, makamaka mozungulira ma chip ndi ma connector amene munawasuntha kangapo. Mu Gerber mulibe ratsnest, mulibe timivi, mwangokhala kopa imene fakitale idzaumbe, ndipo kanjira kothera m'malere kamaoneka msanga ngati kanthambi kothyoka. Amene amapanga bolodi kunyumba ndi ferric chloride, mankhwala osungunula kopa, achite chimodzimodzi ndi pepala limene asindikiza, poliunika padzuwa asanalisite pa kopa, chifukwa toner ikafalikira pang'ono ndi kutentha kwa ayironi, kamchira kokhala pafupi ndi njira ina kamagwirana nayo.

Pa bolodi yotsatira, tsegulani Interactive Router Settings pansi pa Route n'kuchonga "Remove redundant tracks", kuti mukayala njira yatsopano pakati pa malo awiri yakaleyo izichoka yokha. Sankhani grid imodzi yoyalira tinjira n'kukhala nayo mpaka mapeto, zolowerani D m'malo mwa M posuntha chipangizo cholumikizidwa kale, ndipo mukafuna kuchotsa njira gwiritsani ntchito Shift+Delete, imene imachotsa njira yonse osati chidutswa chimodzi. DRC muziiyendetsa mukamaliza chigawo chilichonse cha bolodi, monga cha magetsi olowa kapena cha USB, pamene machenjezo akadali atatu kapena anayi ndipo mukukumbukirabe kumene kanjira kalikonse kankapita.